Mankhwala Onse Pamoto

Pamzere wa mashopu oyang'ana msewu wopita kumsika panali shopu ya matabwa imene fungo lake la utuchi ndi vanishi linkakulonjera usanafike n'komwe. Mwini wake anali mmisiri wa manja abwino. Mpando umene anakhoma iwo unkakalambitsa mwini wake, wokha uli nji. Koma Mulungu sapatsa zonse kwa munthu mmodzi: bambo amenewa anapatsidwa manja, makutu n'kumanidwa pang'ono. Ukayamba kuwafotokozera kabati imene ukufuna, usanafike ndi pakati pomwe, ankakweza dzanja logwira pensulo n'kunena kuti, "Basi, ndamva kale." Dzina lawo linachokera pomwepo. Msewu wonse unkawaitana kuti a Ndamvakale, iwo n'kumavomera osaona vuto. Mayi wa saluni yoyandikana nawo mpaka lero ali ndi chitseko chotsegukira kunja, chimene chimagunda makasitomala pamphumi, chifukwa mmisiri anamva kale asanauzidwe mbali yokhomera mahinjesi.

Chaka chimene a Ndamvakale anatembenuka mtima, anatembenuka ndi thupi lonse. Mowa anausiya. Ngakhale bodza lija la amisiri, lakuti bwerani mawa mudzaupeza watha, analisiya, ndipo amene amawadziwa amisiri anavomereza kuti chimenecho chinali chozizwitsa. Baibulo linkakhala pathebulo logwirira ntchito, lokutidwa ndi kansalu kuti lisalowe fumbi. M'mawa uliwonse, asanagwire sowo, ankawerenga mizere ingapo, ndipo zimene awerengazo ankazichita tsiku lomwelo. Atawerenga za munthu wa malaya awiri, jekete yawo yabwino inapita kwa mlonda wa mashopu. Atawerenga kuti dzuwa lisalowe munthu ali chikwiyire, anatseka shopu masana n'kupita kukapepesa mng'ono wawo amene sankayankhulana naye. Pasapezeke wonena kuti chikhulupiriro chawo chinali chachiphamaso, pakuti munthuyu ankamukonda Mulungu. Vuto linali lakuti Mawu ankawamva monga ankamvera makasitomala. Vesi ankalidula ngati thabwa, n'kutenga chidutswa chimene chakwana m'dzanja, chotsalacho n'kuchisiya pansi.

Banja lawo linkakhala m'zipinda za kuseri kwa shopu yomweyo. Akazi awo ankagwira ntchito kufakitale yosoka mayunifomu, ndipo anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa kupulayimale amene bambo ake anamutcha Kambalame chifukwa pakamwa pake sipankauma nyimbo. Mwanayu anali ndi mphumu. Chifuwa chikamugwira, nyimbo zinkatha, m'malo mwake munkamveka kakhweru kochokera mkati mwa nthiti. Akuchipatala anamupatsa kampope kopopera m'kamwa, ndipo mayi ake anamusokera kathumba kokoleka m'khosi kuti kampopeko asamasiyane nako. Kena kankakhala pashelefu m'chipinda, pamodzi ndi mapiritsi a mutu ndi botolo la mankhwala a chifuwa.

Panali chinthu chimodzi chimene a Ndamvakale sanauzepo munthu, ngakhale akazi awo. Pamwamba pa chitseko cha shopu, pakampata ka pakati pa mtanda ndi malata, panali kachithumwa kosokedwa m'chikopa chakuda. Anakaika ndi malemu amalume awo, amene anawaphunzitsa ntchito, tsiku lotsegulira shopuyo. Amalumewo ananena kuti kadzaitana makasitomala, koma wodzakachotsa adzataya chimene amachikonda koposa m'nyumba mwake. A Ndamvakale anabatizidwa, kanthu kaja kali pomwepo. Ankakaopa kukasiya, ankakaopanso kukagwira. Ndipo nthawi iliyonse Kambalame akabanika, mtima wawo unkawauza kuti Mulungu akulanga mwana chifukwa cha zimene bambo wabisa pamwamba pa chitseko. Mantha amenewa anawadya mwakachetechete monga chiswe chimadyera thabwa, kunja kukuoneka bwinobwino.

Lamlungu lina abusa analalikira za anthu a mumzinda wina wakale amene, atalandira uthenga, anaunjika zamatsenga zawo pabwalo n'kuziyatsa moto anthu onse akuona.

"Iwo sanabiseko zina pansi pa bedi kuti mwina zidzathandiza tsiku lina," anatero abusa, thukuta lili kamukamu. "Nanga ife? Lamlungu tili pano kuimba, koma mankhwala ali m'thumba. Mankhwala ali m'chiuno mwa mwana. Mankhwala ali pamwamba pa chitseko! Simungamugwire Yesu ndi dzanja lamanja, lamanzere likusisita mankhwala. Tulutsani onse, abale. Mankhwala onse pamoto!"

Atamva za pamwamba pa chitseko, a Ndamvakale anaweramitsa mutu. Anaona ngati chala cha abusa chaloza iwo okha. Zimene zinanenedwa pambuyo pake sizinalowe. Abusa anawonjezera kuti amene ali ndi chinthu chimene akukayika nacho abwere nacho kuti akaone limodzi, koma pamenepo n'kuti mmisiri atamva kale.

Tsono liwu loti mankhwala limasenza katundu wambiri. Ochokera kwa sing'anga ndi mankhwala, a dokotala ndi mankhwala, ophera makoswe ndi mankhwala, ngakhale otsukira m'chimbudzi timawatcha chimodzimodzi. Mpingo wonse unadziwa kuti abusa akunena za zithumwa ndi mizu ya matsenga. Munthu mmodzi yekha ndi amene anatenga mtolo wonsewo osaumasula.

Atafika kunyumba anadikira kuti mwana atuluke kukasewera, kenako anaulula kwa akazi awo za kachithumwa kaja. Mayiwo anagwira pakamwa, koma sanakalipe.

"Kachotseni, bambo. Tiitane abusa adzapemphere, tikatenthe. Mwachita bwino kunena."

"Si kokhako ayi," anatero a Ndamvakale, maso ali pashelefu. "Anati onse."

Mayi anatsatira kumene maso a amuna awo analoza, ndipo nkhope yawo inasintha. "Inu abambo, musandiopseze. Awo ndi a kuchipatala."

"Dzina lawo ndi chiyani?"

"Mankhwala, koma..."

"Ndiye basi. Mwanayu tayamba liti kumupopera? Wachira? Sangachire, chifukwa tikumugwira Yesu ndi dzanja limodzi. Munamva nokha."

"Ndinamva, ndipo ndinamva mpaka kumapeto. Abusa amanena za zinthu ngati chanu chobisacho. Ngati simukundikhulupirira ine poti ndine mkazi wanu, nambala yawo muli nayo. Imbani muwafunse."

"Ndikawafunse chiyani? Kuti abusa, kodi Mulungu angathe kapena sangathe? Kufunsa koteroko n'kukayika, mayi. Munthu wokayika salandira kanthu."

"Kufunsa si kukayika. Ngakhale ophunzira a Ambuye ankapita nawo pambali kukafunsa tanthauzo la fanizo, ndiye inu mwaposa iwo?"

"Ndamva kale," anatero a Ndamvakale, n'kutuluka panja.

Mayi anaganiza kuti nkhaniyo yathera pomwepo, monga zinkathera zina. M'mawa mwake, asananyamuke kupita kuntchito, anayang'ana kathumba kam'khosi mwa mwana, n'kumuuza kuti asavule ngakhale kutenthe bwanji. Sukulu zinali zotseka, choncho Kambalame anatsala ndi bambo ake. Kufakitale kuja mafoni ankasiyidwa pageti mpaka nthawi yoweruka, ndipo amuna awo zimenezi ankazidziwa bwino.

Dzuwa litakwera, a Ndamvakale anatseka chitseko cha kumsewu. Kuseri kwa nyumba kunali mgolo umene ankatentheramo zidutswa za matabwa. Anathiramo utuchi ndi nsanza zopukutira vanishi, n'kuyatsa. Kenako anakokera benchi pakhomo la shopu, anakwerapo, n'kupisa dzanja m'kampata kaja. Zala zinakhudza chinthu chouma, chozizira. Anatseka maso, anatchula dzina la Yesu, n'kuchikoka. Kanali kanthu kopepuka, kotuwa ndi fumbi, kodyedwa ndi njenjete mbali imodzi. Anathamanga nako atakatalikitsa ndi thupi ngati munthu wanyamula khoswe wakufa, n'kukaponya pamoto. Anaima chilili kudikira kuti mwina agwa pansi kapena denga ligumuka. Sipanachitike kanthu. Chikopa chinangofwamphuka n'kusanduka phulusa.

Akanalekera pomwepo, tsiku limenelo likanakhala lopambana masiku onse a moyo wawo. Koma munthu amene wakhala nthawi yaitali m'mantha, akamasuka amaledzera nacho chimwemwe. A Ndamvakale analowa m'chipinda akuimba, anasesera m'chidebe zonse za pashelefu, mapiritsi, botolo la chifuwa, kampope kosungira kaja, ngakhale mafuta opaka pabala, n'kukakhuthulira mumgolo. Kenako anaitana mwana.

Kambalame anabwera ndi kachidutswa ka thabwa kamene ankajambulapo maluwa.

"Bwera, mwana wanga, uone zimene Mulungu akutichitira lero. Vula kathumbako."

Mwana anakagwira ndi manja onse awiri. "Amayi anati ndisavule."

"Amayi ako akabwera adzakupeza uli wochira. Ukumukhulupirira Yesu?"

"Eya, ababa."

"Amene anauzira mpweya m'mphuno mwa munthu woyamba ndani? Ndi kampope?"

"Ndi Mulungu."

"Nanga ukuopa chiyani? Bweretsa."

Mwana wolera bwino sakangana ndi bambo ake. Kambalame anavula kathumba pang'onopang'ono, misozi ili m'maso, n'kupereka. A Ndamvakale anakaponya pamoto, anagwira dzanja la mwana, n'kuyamba kupemphera mokweza. Asanafike patali, mumgolo munaphulika chinthu, phuu! Moto unalumpha, phulusa linamwazika. Patangopita kanthawi chinaphulikanso china. Aliyense wodziwa kuti timipope timeneti timakhala ndi mpweya wopanikizidwa akanathawa, koma mmisiri anakweza manja kumwamba.

"Chatuluka! Wamva, mwana wanga? Chiwanda chatuluka!"

Mphepo inatembenuka. Utsi wakuda wa vanishi ndi mapulasitiki unawakuta onse awiri, ndipo bambo sanasiye dzanja la mwana mpaka pemphero litatha.

Poyamba kanali kachifuwa chabe. Kambalame anakhala pakhonde, akutsokomola pang'onopang'ono, bambo ake n'kumuuza kuti ndi zotsalira zikutuluka. Anabwerera kuthebulo lawo n'kuyamba kupala thabwa, akuimba. Atayimitsa pulena kuti aone ngati thabwa lasalala, anamva kakhweru kaja. Anakadziwa. Anali atakamva kambirimbiri, koma nthawi zonse pankatsatira kulira kwa kampope kenako bata. Tsopano kakhweru kanali kokha.

Anamupeza atawerama, manja atatsamira pamawondo, mapewa akukwera ndi kutsika. Pansi pa khosi pankalowa mkati akamakoka mpweya. Dzanja lake linkafufuza pachifuwa pamene pankakhala kathumba.

"Ababa... kampope."

"Limba mtima, ndi mayesero awa. Mdyerekezi akufuna tibwerere m'mbuyo."

Anathamangira Baibulo, anatsegula salimo la chitetezo limene ankalikonda, n'kuyamba kuwerenga dzanja lina lili pamutu pa mwana. Mawu ankatuluka, koma maso sankakhala patsamba. Ankaona milomo ya mwana wawo ikutuwa. Anapemphera mofuula, anadzudzula matenda, analamula chifuwa kuti chitseguke. Kambalame anasiya kuyankhula. Ankangowayang'ana ndi maso otong'oka, odzaza mantha, ngati munthu amene akumira akuyang'ana woima pamtunda. Pamenepo mawu a amalume aja anabwera m'mutu mwawo, akuti wochotsa adzataya chimene amachikonda koposa. Sanadziwenso kuti akulimbana ndi ndani, Mulungu, chithumwa kapena mdyerekezi, ndipo pemphero linasanduka kubuula.

Kufuulako n'kumene kunabweretsa mayi wa saluni, chipeso chili m'manja. Atangomuona mwana anaponya chipesocho pansi.

"Mayo ine! Kampope kake kali kuti?"

"Tikupemphera, mayi."

"Ndafunsa kampope! Inu a Ndamvakale, mwanayu akutha! Tiyeni kuchipatala!"

"Tikapita kuchipatala ndiye kuti zonse ndachita lerozi zapita pachabe. Dikirani, ndiitane abusa. Pemphero lawo ndi lamphamvu kuposa langa."

Ngakhale apa sanaimbe kuti afunse, anaimba kuti apeze wowathandiza kukankha. Abusa atayankha, mmisiri anayankhula mothamanga kuti mwana wagwidwa ndi mphumu, apemphere msanga.

"Tipemphera," anatero abusa. "Mwamupopera kale?"

"Ayi, abusa. Ndatentha."

"Mwatentha chiyani?"

"Mankhwala onse, monga munanenera dzulo. Sindinasiyeko ndi kamodzi komwe."



"Ambuye chitireni chifundo," anatero abusa. "Bambo, ine ndimanena zithumwa! Ineyo amene ndikuyankhula nanu ndimadzibaya jakisoni wa shuga tsiku lililonse ndisanakwere paguwa. Nyamulani mwanayo! Thamangani, ndikupezani konko. Muzipemphera mukuthamanga!"

Foni inagwa m'utuchi. Zonse zimene a Ndamvakale anamanga m'mutu mwawo kuyambira dzulo zinagumuka nthawi imodzi, ndipo chimene chinatsala chinali mwana amene sankapuma, ndi mgolo wofuka utsi. Anathamangira kumgolo kuja ngati wamisala, n'kupisa dzanja m'phulusa lamoto. Anatulutsa kachitsulo kong'ambika, kakuda bii. Mayi wa saluni anawamenya pamsana ndi chibakera.

"Siyani zimenezo! Nyamulani mwana!"

Pamsewu panali lole imene inkatsitsa simenti pashopu ina. Mayi uja anaima kutsogolo kwake akukuwa mpaka dalaivala anasiya matumba n'kuliza injini. A Ndamvakale anakwera kutsogolo atamufukata Kambalame. Thupi la mwana linali lonyowa ndi thukuta lozizira, mutu ukugwera uku ndi uku. Dalaivala anayendetsa dzanja lili pahutala, koma atafika pamphambano ya kumsika anapeza magalimoto atathinana, minibasi itafera pakati pa msewu. Kutsogolo kunali kotseka, kumbuyo kunali kotseka.

Mmisiri anatchera khutu pachifuwa cha mwana. Kakhweru kaja kanali katasiya. Kwa kamphindi mtima unati mwina wachira, koma dalaivala, amene anayang'ana nkhope ya mwanayo, anatsegula chitseko ndi phazi.

"Akulu, tsikani muthamange. Akasiya kulira choncho ndiye kuti mpweya sukulowanso. Dutsani mumsikamu, chipatala chili kuseri kwa malo okwerera basi."

Anathamanga. Anagunda mabenchi a ogulitsa, anagwetsa mulu wa mabeseni, nsapato imodzi inatsala m'ngalande. Anthu ankatukwana, koma akaona chimene wanyamula ankapatuka okha. Pemphero lawo tsopano linalibe kulamula kapena kudzudzula. Linali mawu ochepa, obwerezabwereza pakati pa befu: "Ambuye, wolakwa ndine. Musatenge mwana, wolakwa ndine."

Pakhomo la chipatala namwino anangoyang'ana kamodzi n'kumulanda mwana m'manja mwawo. Anamugoneka pakabedi ka matayala, anamuphimba kumaso ndi chopumira, n'kuthamanga naye. Namwino wina anawafunsa akuyenda kuti anamupopera kangati kunyumba. A Ndamvakale anayang'ana dzanja lawo lopsa ndi moto.

"Bambo, ndikufunsa. Kangati?"

"Sanapopere. Ndinatentha kampope."

Namwinoyo anaima n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato. Analowa, chitseko n'kutsekeka.

Palibe benchi lolimba ngati la pakhonde la chipatala. A Ndamvakale anakhala pamenepo, dzanja lopsa lija litatupa matuza, osalimva kuwawa. Chitseko chikatseguka ankaimirira, namwino n'kudutsa mothamanga osawayang'ana, iwo n'kukhalanso. Anaona dokotala akulowa mofulumira. Anaona akukankhira mkati botolo lalikulu la mpweya. Nthawi ina anamva mayi wina akulira mokweza kuchipinda china, ndipo a Ndamvakale anagwira khoma.

Abusa anafika atavala malaya mopotoza mabatani. Anakhala pambali pawo, n'kuwagwira phewa.

"Abusa, kodi ndi chithumwa chija? Amalume ananena kuti ndikadzachichotsa..."

"Chithumwa chinali chikopa ndi fumbi, bambo. Munachita bwino kuchitentha, ndipo sichinagwire mwana wanu. Mwanayu wabanika ndi utsi, ndipo chomuthandiza munachiponya pamoto. Tisamunamizire mdyerekezi ntchito imene sanagwire." Anapuma pang'ono. "Inenso ndili ndi mbali yanga. Ndinatchula liwu lokhala ndi makomo ambiri, osanena khomo limene ndikulowera. Zimenezo ndikakonza pamaso pa mpingo. Koma inu, bwanji simunandifunse? Nyumba yanga mumaidziwa."

"Ndinkaona ngati kufunsa n'kuchepa chikhulupiriro."

"Mukukumbuka pamene woyesa uja anamuika Ambuye pamwamba pa kachisi, n'kumuuza kuti adziponye pansi poti kunalembedwa kuti angelo adzamuwakha? Vesi linali loona. Koma Ambuye anayankha ndi vesi lina, loletsa kumuyesa Mulungu, ndipo sanadumphe. Mawu amamasulirana okhaokha, bambo, ndipo n'chifukwa chake sitiwerenga patokha nthawi zonse. Nduna ija ya m'Baibulo, imene inkawerenga Mawu ili m'galeta, inali yophunzira kuposa inu ndi ine, koma inavomera kuti singamvetse popanda woitsogolera."

A Ndamvakale sanakweze dzanja. Anamvetsera mpaka abusa atamaliza.

Akazi awo anafika ndi mayi wa saluni, amene anachita kukawatenga pageti la fakitale. Anali akadali ndi ulusi pamalaya. Amuna awo anaimirira kuti ayankhule, koma mayiwo anawadutsa ngati akudutsa mzati, n'kukaima pachitseko chija, chipumi atachitsamiritsa pathabwa, milomo ikuyenda. Akanawatukwana zikanakhala bwino. Anakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka.

Kenako dokotala anatuluka, akuvula magolovesi. Anafunsa makolo a mtsikana wa mphumu. Abusa anawadzutsa a Ndamvakale pabenchi.

"Wayamba kupuma yekha," anatero dokotala. "Tinatsala pang'ono kumutaya, pang'ono kwambiri. Agona kuno masiku angapo. Mungathe kulowa, koma musamutopetse."

Mayi a mwana analowa poyamba. Mmisiri anatsala pakhomo akulira ngati mwana, osasamala amene akumuona. Patapita nthawi namwino anawakodola kuti alowe.

Kambalame anagona pabedi lalikulu, akuoneka wamng'ono kuposa m'mawa, timachubu tili m'mphuno. Mayi ake anakhala pambali akumusisita tsitsi. Pakabati ka pafupi ndi bedi panali kampope katsopano kamene anamwino anasiya. A Ndamvakale anayandikira mwakachetechete, phazi limodzi lili ndi nsapato.

"Mwana wanga," anatero.

Mtsikana anatsegula maso. Atawaona bambo ake, dzanja lake lofooka linatambasuka msanga, linatenga kampope kaja pakabati, n'kukabisa pansi pa bulangeti. Anakagwira zolimba, akuwayang'anitsitsa.

"Ababa," ananong'ona, "aka kokha musatenthe. Ndimamukhulupirira Yesu, koma aka kokha musatenthe."

Moto wa mumgolo sunawawotche a Ndamvakale monga anawawotchera mawu amenewo. Anagwada pambali pa bedi, anafuna kugwira dzanja la mwana, koma dzanjalo silinatuluke m'bulangeti. Chifuwa cha Kambalame chinachira m'masiku ochepa. Koma panapita miyezi bambo ake akalowa m'chipinda mwana n'kumayamba wagwira pakhosi, ndipo bala limenelo kunalibe dokotala wolisoka. Anayenera kulipoletsa okha, pang'onopang'ono, pomuperekeza kuchipatala tsiku lililonse lokaonana ndi dokotala ndi kukhala kumapeto kwa benchi akufunsa anamwino mafunso mpaka kuwatopetsa.

Mawu a Mulungu ndi uchi, ndipo amene anaulawa sangatsutse. Koma uchi umabwera m'chisa, ndipo mlendo wosadziwa amene amachita manyazi kufunsa eni ake kuti chodyedwa n'chiti, amameza zonse n'kutsamwa, kenako n'kumanena kuti njuchi zamulodza. A Ndamvakale anapatsidwa chisa chodzaza, anali ndi mkazi wowachenjeza ndi abusa oti akanayankha foni, koma anasankha kumeza okha, ndipo amene anatsamwa anali mwana wosalakwa. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.